Wobwereza Mawu a Abusa

Ana a alamu anga andipempha kuti ndilembe kanthu ka mayi awo, popeza mwezi wamawa akupuma pa ntchito. Ndinawachenjeza anawo kuti asayembekezere zokometsera. Kusukulu ya mishoni kumene ndinaphunzira, mphunzitsi akakulembera kuti "zapita" pansi pa ntchito yako, unkadziwa kuti tsiku limenelo wachita zazikulu, ndipo chizolowezi chimenecho sichinandichoke. Tsono ndingolemba zimene ndinaona ndi zimene ndinamva.

Alamu angawa ndi akulu ake a mkazi wanga. Agwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi pawindo la chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Si namwino, si dokotala. Ntchito yawo ndi kulandira odwala, kufufuza khadi la munthu aliyense, ndi kuitana maina. Kachipinda kawo ndi kopanikiza moti akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Kumbuyo kwawo kuli mashelefu ofika kudenga, odzaza makhadi achikasu otha m'mbali chifukwa chogwidwagwidwa. Kutsogolo kuli windo la zitsulo zitatu, ndipo thabwa la pansi pake linasalala ndi zigongono za anthu. Kunja kuli mabenchi asanu ndi limodzi, ndipo sindinawaonepo opanda munthu.

M'dera lonse amadziwika ndi dzina loti a Pawindo. Akaitana munthu, mawu awo amakafika kwa wosoka nsapato wa kutsidya kwa msewu. Malemu mwamuna wawo ankakonda kunena kuti anawakwatira chifukwa analibe wotchi yomudzutsa. Koma chimene ambiri sachidziwa ndi khutu lawo. Munthu wodwala kwambiri salankhula mokweza, ndipo wodwala nthenda yochititsa manyazi amalankhula ngati akumeza mawu ake omwe. Zaka zonsezi alamu akhala akuweramira pazitsulo zija kumvetsera anthu otere, makanda khumi akulirira pamodzi kumabenchi. Zimene amva pawindopo sazitulutsa. Ngakhale mng'ono wawo, mkazi wanga, amene amatha kufukula nkhani pansi pa mwala, sanaphulepo kanthu.

Mwamuna wawo anamwalira ana anayi adakali pasukulu, ndipo anawalera okha ndi ntchito ya pawindoyo. Kutchalitchi malo awo anali benchi lachitatu. Lamulungu m'mawa ankaphunzitsa ana pakhonde, pakuti malamulo a mpingo wathu amalola mayi kuphunzitsa ana ndi amayi anzake, koma osati kulalikira pamaso pa mpingo wonse kapena kukhala mkulu wa mpingo. Ine ndakhala mlembi wa mpingowo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ntchito yanga yodyera inali yokonza zolakwika m'nyumba yosindikizira mabuku. Lamulo lija ndinalikopera kangapo ndi dzanja langa, ndipo sindinaime n'kamodzi komwe kuti ndiliganizire. Linali ngati mzati wa m'nyumba imene unabadwiramo: umangoulambalala.

Zaka zitatu zapitazo Abusa athu anachitidwa opaleshoni yapakhosi. Anachira, koma mawu sanabwerere. Anatsala ndi kunong'ona kokha. Tinayesa chimkuzamawu, koma chinkangokuza mpweya, tchalitchi chonse n'kumamveka ngati tayala lobooka. Kuwapumitsa palibe anafuna. Anali atatitumikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anabatiza ana athu ndi kuika makolo athu m'manda, ndipo nzeru zawo zinali zonse. Akulu a mpingo anagwirizana kuti munthu wina aziima pambali pawo, Abusa azimunong'oneza, iye azinena mokweza.

Woyamba kuyesa anali wamkulu wa akulu onse, bambo wina amene anapuma pa ntchito ya njanji. Tinaiwala kuti sitima zinawatha makutu. Abusa atanong'ona kuti tilape machimo athu, bamboyo anadzutsa chifuwa nalengeza ndi mawu amphamvu kuti tilawe machimo athu. Kumabenchi akumbuyo kunamveka ameni amene sitinamumvepo chimangidwire tchalitchicho. Akulu ena awiri anayesa masabata otsatira, koma theka la ulaliki linkathera pa "mwati bwanji, Abusa?" Amayi busa ndiwo anatchula a Pawindo. Anati nthawi yonse imene ankapita ndi Abusa kukatsukitsa bala, munthu yekhayo amene ankawamva osafunsa kawiri anali mayi wa pawindo uja.

Nkhaniyo itafika pamsonkhano wa akulu, amene anaimika dzanja anali a Mmisiri. Bambo ameneyu ndi wopala matabwa, ndiye anapanga mabenchi onse a m'tchalitchi mwathu ndi guwa lomwe. Si munthu wa ndewu, ndipo wamasiye akathyokeredwa chitseko amakonza osalankhula za malipiro. Koma chinthu chilichonse amachifuna chikhale chowongoka ngati chopimidwa pa sikweya. Anati mawu a mtumwi pa nkhani ya amayi ndi omveka, ndipo sakuona m'mene tingawazungulirire. Abusa anatenga kapepala nalembapo kuti chimkuzamawu sichikhala chachimuna kapena chachikazi, ndipo tikadakhala ndi chogwira ntchito palibe akadafunsa. A Mmisiri anakawerenga kawiri kapepalako, kenaka anavomera, pokhapokha zitalembedwa bwino m'buku kuti mayiyo sakulalikira.

Apa ndi pamene ndinalowerapo ine. Buku la mpingo lili ndi mizere itatu: tsiku, malemba owerengedwa, ndi wolalikira. Panafunika mzere wachinayi, ndipo unafunika mutu. Wina anati tilembe "womasulira", koma chinenero chinali chimodzi chomwecho. Wina anati "wothandiza", a Mmisiri anati likumveka ngati udindo. Ine ndinati "wobwereza". Onse anakondwa nalo, ndipo a Mmisiri anati ngakhale phiri limabwereza mawu koma palibe analiimbapo mlandu wolalikira. Ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikudziona ngati ndathandiza mpingo.

Panatsala vuto limodzi. Alamu ndi aafupi, ndipo ataima pansi khutu lawo silikadafika pakamwa pa Abusa. Kukwera paguwa sakadaloledwa. A Mmisiri anabwera ndi tepi, anayeza kuchokera pansi kufika pakhutu la alamu, nayezanso guwa, ndipo Lachisanu anabweretsa kabokosi kolimba bwino, kopakidwa vanishi. Anakapanga motere kuti khutu lifike, koma mapazi a mayiyo akhale otsika ndi chikhatho chimodzi poyerekeza ndi a Abusa. Alamu atakwerapo kuyesa, anadumphadumpha pang'ono natembenukira kwa ine.

"Ndiye ndakwezedwa pa ntchito, alamu? Kuchoka pa munthu kufika pa chitsulo cha magetsi."

Ndinawayankha kuti chitsulo sichiyankha, ndipo anati chimenecho ndiye tikaone.

Chaka choyamba anabwerezadi. Tebulo langa la mlembi lili m'munsi mwa guwa, mkono umodzi kuchokera pakabokosi paja, tsono kunong'ona kwa Abusa ndinkakumva ndithu, ngakhale osati konse. Alamu sankachotsa kapena kuwonjezera. Abusa akati "ine monga bambo wa ana asanu", iwo ankanena momwemo ndi nkhope yosaseka, ndipo patapita masabata awiri mpingo unasiya kuseka. Abusa akalakwitsa nambala ya nyimbo, iwo ankailakwitsanso, kenaka n'kuwayang'ana mpaka aikonze okha.

Tsiku limene zinasintha ndimalikumbukira bwino. Kunali kozizira, anthu atafunda nsalu ndi majekete. Abusa anayamba bwinobwino, koma atafika pakati anaima. Anatsegula tsamba, nabwerera, natsegulanso. Kenaka anaweramira kwa alamu, ndipo ndinamva ndi makutu anga akunong'ona kuti, "Mayi, tili pati?"

Alamu sanabwereze zimenezo. Anasiya khutu lawo pomwepo kanthawi, akugwedeza mutu ngati akulandira mawu ambiri. Kenaka anawongoka nauza mpingo kuti tibwerere pa ndime yachisanu, ndipo anapitiriza kuchokera pamene Abusa anasokera mpaka kumapeto. Abusa ankangoyendetsa milomo ndi kuvomereza ndi mutu. Ine pofika polemba m'buku ndinalemba monga mwa masiku onse, wolalikira Abusa, wobwereza alamu anga. Koma m'mphepete mwa tsambalo ndinaikamo kadontho. Sindinadziwe chimene ndidzachite nako. Munthu amene wakhala akusaka zolakwika m'mapepala moyo wake wonse satha kudutsa osasiya chizindikiro.

Sabata lotsatira ndinaikanso kadontho, ndi linzake. Abusa ankawerengabe malemba ndi kupemphera, koma pa ulaliki ankanong'ona mawu awiri atatu okha, kawirikawiri "pitirizani, mayi", ndipo alamu ankalankhula mphindi zisanu asanaweramenso. Wakhutu akadazindikira, pakuti zitsanzo zinasintha. Abusa athu ankakonda za abusa a nkhosa ndi za mafumu akale. Tsopano tinayamba kumva za munthu wokhala pabenchi kuyambira m'mawa, amene dzina lake likaitanidwa amakhala atapita kukamwa madzi. Tinamva za munthu amene chifukwa cha manyazi amatchula dzina labodza pawindo, ndiye khadi lake silipezeka, mankhwala amene anamuthandiza kale sadziwika, ndipo amabwerera ndi nthenda yake. Ndi kuti ambiri a ife timabwera kwa Mulungu ndi dzina lotero. Tsiku limenelo m'tchalitchi munali zii, ngakhale wotsokomola panalibe. Anthu potuluka ankauzana kuti matenda awakulitsa Abusa. A Mmisiri ankaima pakhomo Lamulungu lililonse kuwagwira chanza Abusa ndi manja awiri, kuwathokoza chifukwa cha mawu.

Madontho atakwana asanu ndi atatu ndinapita kunyumba kwa alamu, Loweruka masana. Ndinawapeza patebulo la pabalaza, magalasi ali pamphuno, malemba ali otsegula, ndi kope lakusukulu lodzaza zolemba zawo zopendekeka. Kukhitchini kunkachokera fungo la chinthu chopserera, ndipo ndine ndinawauza. Atabwerako kophula mphikawo anakhala pansi, natseka kopelo ndi chigongono.

Sanakane kanthu. Anati Amayi busa amawauza malemba a Lamulungu pofika Lachinayi, ndipo awiriwo anagwirizana kuti bambo wokalambayo asachititsidwe manyazi pamaso pa anthu amene anawabatiza. Anati kunyumba Abusa masiku ena amafunsa ngati adya kale, mbale ili patsogolo pawo. Ndinawafunsa ngati chifukwa chake ndi chokhacho. Anandiuza kuti ndisawafunse ngati tili kukhoti, ndipo anayamba kusisita chikuto cha kope lija.

"Ndikati ndi chokhacho ndanama, alamu," anatero pambuyo pake. "Poyamba chinali chokhacho. Koma pano ndikakhala apa Loweruka ndimaiwala ndi mphika womwe, mwaona nokha. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuitana anthu maina, n'kuwalozera chitseko china kuti wina akawauze kanthu. Sindinkadziwa kuti nanenso ndili nako kowauza. Musandichotse pakabokosi paja."

Chiyambireni kuwadziwa, alamu anali asanandipemphepo chinthu, ngakhale nthawi ya maliro a mwamuna wawo. Ine ndinangoti m'buku mwalembedwa kuti wobwereza. Anati ndiye inenso ndizingobwereza zomwezo, popeza dzanja langa lazolowera. Ndinamwa tiyi amene anandipatsa n'kubwerera kwathu, ndipo ndinapitiriza kuika timadontho tanga.

Amene anatulukira nkhaniyi sanali kazitape. A Mmisiri anapita kunyumba kwa Abusa pakati pa sabata kuti akafunse mfundo ina ya ulaliki wa Lamulungu lapitalo imene inawakhala pamtima. Abusa anawalandira mwansangala, koma za ulalikiwo sanadziwe chilichonse, ndipo anawafunsa katatu ngati abwera kudzakonza chitseko. A Mmisiri anachoka kumeneko n'kudzera kwa ine kudzandiuza kuti ndiitanitse msonkhano wa akulu Loweruka.

M'mawa wa Lowerukalo mkazi wanga anandisitira malaya. Pondipatsa anati akudziwa kuti andifunsa ine, popeza ndine wokhala pafupi ndi guwa. Anati amuna a msinkhu wanga ambiri samva bwino, ndipo palibe angadabwe nditati kunong'ona sikundifika. Anawonjeza kuti kunyumba kuno ndimagontha bwinobwino akandituma. Ndinavala malayawo n'kunyamuka. Koma ndivomere kuti njira yonse yopita kutchalitchi ndinkaganizira malangizo akewo, ndipo sanandionekere oipa.

Tinakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, mmene timasungamo mabuku a nyimbo ndi matsache. Akulu ovota ndi asanu ndi awiri. Mlembi savota. Abusa sitinawaitane. A Mmisiri anafotokoza za ulendo wawo mosakometsa, mpaka pa za chitseko zija. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"A Mlembi, inu mumakhala pafupi. Zimene timamva Lamulungu, ndi za Abusa kapena ndi za mayi aja?"

Buku linali pamiyendo panga. Ndinalitsegula, ndinawerenga timadontho ndi chala ngakhale ndinkatidziwa kale, ndipo ndinati kwa masabata khumi ndi anayi apitawa mawuwo ndi a mayiwo. Bambo wa njanji uja anaika dzanja kukhutu napempha kuti ndinenenso. Ndinanenanso mokweza, kotero kuti chinthu chimene sindinkafuna kuchinena n'kamodzi komwe ndinachinena kawiri.

Anakambirana maola awiri. Mkulu wina, telala, anafunsa ngati mawu amene anali abwino pamene tinkati ndi a Abusa awola tsopano chifukwa tadziwa mwini wake. Wina anati m'mipingo ina amayi akubatiza ndi kudalitsa maukwati ndipo denga silinawagwere. Wina anayankha kuti ife si mipingo ina. Wina anati malemba omwewo amatchula amayi amene ankaphunzitsa ndi kutsogolera, ndipo anayamba kuwawerenga pa zala. Mnzake anati amenewo sanaime paguwa. A Mmisiri anadikira onse athe. Anati iwo sakukana kuti mawuwo anali abwino. Ulaliki wa dzina labodza uja ndi umene unawadzutsa kupita kwa mwana wawo wamwamuna amene anali asanalankhulane naye zaka ziwiri. Koma anati chitseko chingakhale chokongola chotani, ukachiika pakhomo losakhala lake sichitseka, ndipo iwo m'mene amawerengera malemba, khomo limenelo si la mayi. Anawonjeza kuti mpingo wakhala ukuthokoza munthu wina chifukwa cha mawu a munthu wina, ndipo chimenecho nacho si chowongoka. Pa mfundo yomalizayi palibe anawatsutsa, ndipo ine ndinayang'ana pansi, pakuti ndinali nawo m'katimo.

Anavota anayi kwa atatu kuti alamu asaimenso pakabokosi. Anagwirizana onse kuti Abusa apume mwaulemu, akulu azisinthana kulalikira mpaka kudzabwere ena, ndi kuti funso la amayi litumizidwe ku msonkhano waukulu wa mipingo yathu, popeza lamulolo sitinalipange ife. Kalatayo ndinalemba ndine. Papita chaka ndi theka, ndipo yankho lake ndi lakuti nkhaniyo ili m'manja mwa komiti. Wina akandifunsa maganizo anga, ndimati mfundo za malembazo sindine wozimasula. Chimene ndikudziwa ndi chakuti ndinakhala mkono umodzi kuchokera pakabokosi paja masabata khumi ndi anayi, ndikusaka cholakwika monga mwa ntchito yanga, ndipo cholakwika chimene ndinachipeza chinali m'buku langa.

Tisanatseke msonkhano panabuka funso la m'mene zilembedwere. Telala uja, pofuna kuwapeputsira mlandu alamu, anati ndilembe kuti mayiyo ankawonjezera pang'ono pobwereza. Wina anati ndingosiya bukulo m'mene lilili. Ndinati zimenezo sindingathe: mawu oti wobwereza ndinabweretsa ndine, pa masabata amenewo ndi olakwika, ndipo cholakwika chimakonzedwa. Amene anandithandiza anali a Mmisiri.

"Lembani zimene zinachitika, a Mlembi. Analalikira. N'chifukwa chake tikuwaletsa."

Tsono onse akuona ndinakhwatcha dzina la alamu pa mzere wachinayi, kakhumi ndi kanayi, ndi kulilemba pa mzere wachitatu.

Kalata yowadziwitsa inayenera kuperekedwa ndi mlembi. Ndinapita nayo Lolemba masana, nthawi imene windo limatsekedwa theka la ola. Ndinawapeza kuseri kwa chipatala, pabenchi lothyoka mwendo lochirikizidwa ndi njerwa, pafupi ndi chingwe choyanikapo nsalu za m'mawodi. Anali atavula nsapato, kambale ka chakudya kali pamiyendo. Nkhani inali itawafika kale, pakuti Lamulungu Abusa anatsala kunyumba, analalikira telala, ndipo iwo anakhala pabenchi lawo lachitatu. Komabe anawerenga kalatayo yonse, kuyambira pa deti mpaka pa siginecha yanga. Anaipinda kanayi naiika m'thumba la diresi. Kenaka anavula magalasi ndi kuwapukuta nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna.

"Mukadatha kugontha, alamu."

Ndinati ndikadathadi, ndipo mng'ono wawo anandiphunzitsa ndi kachitidwe kake komwe. Anaseka pang'ono, mphuno ikutuluka madzi. Anafunsa amene akawauze Abusa za kupuma kwawo, ndipo nditati a Mmisiri adzipereka, anati ndi bwino, koma apite m'mawa, pakuti masana Abusawo amasokonezeka kwambiri. Anafunsa mavoti, ndinawauza nambala yokha. Anati atatu si ochepa, iwo ankayesa akhala telala yekha. Kenaka anafunsa kuti m'buku langa lija ndawalemba kuti anachimwa chiyani.

Ndinawauza kuti ndinalemba kuti analalikira, masabata khumi ndi anayi, dzina lawo pa mzere wa wolalikira, tsiku lililonse ndi malemba ake.

Anandiyang'ana opanda magalasi.

"Ndi pensulo kapena ndi inki?"

"Ndi inki."

"A Mmisiri akuona?"

"Ndiwo anandiuza."

Anayang'ana nsalu zija zikuuluzika pachingwe. Kenaka anavundukula kambale kawo, naona zimene zinalimo, navundikiranso. Anati chowawa n'chakuti ulaliki wakhumi ndi chisanu anali ataukonza kale Loweruka lomwelo, pamene ife tinali kuvota pakati pa matsache, ndipo unali wabwino kuposa enawo. Anati tsopano uli m'chikwama ngati mwana wopanda kwawo, ndipo sakudziwa kuti auperekeze kuti.

Ndinayang'ana wotchi. Panali patatsala mphindi makumi awiri kuti windo litsegulidwe. Ndinakumbukira lamulo lija m'mene ndinalikoperera, liwu ndi liwu: limanena za kulalikira pamaso pa mpingo wosonkhana. Za mlamu wokhala pabenchi lothyoka kuseri kwa chipatala silinenapo kanthu. Ndinavula chipewa, ndinakhala mbali ya njerwa kuti benchilo lisapendekeke, ndipo ndinawauza kuti ine sindikufulumira.

Anatulutsa kope lija. Sanaimirire, ndipo nsapato sanavale. Anayamba motsitsa mawu, koma pofika pakati anaiwala kumene ali, moti mayi wina wochapa anasiya ndowa yake naima kuseri kwa nsalu kumvetsera. Unali wonena za kudikira, ndi za kusiyana kwa munthu wodikira chifukwa waiwalidwa ndi wodikira chifukwa nthawi yake sinakwane. Atamaliza anatseka kopelo nandiyang'ana, akudikira.

Ndinati mfundo yachiwiri inatalika pang'ono.

"Yokhayo?"

Ndinati yokhayo.

"Mng'ono wanga anakwatiwa ndi chipupa," anatero akufunafuna nsapato ndi phazi pansi pa benchi. "Koma ndakumvani. Kwa inu kumeneko ndiye kuwomba m'manja."

Anandipatsa kambale kawo kuti ndidye, popeza nthawi yawo yodyera inali itatha, ndipo analowa mkati akumanga mpango. Ine ndinadya chakudya chawo chonse pabenchi pomwepo, ndinatsuka kambaleko pampopi, ndi kukasiya pazenera la kuseri.